Ndani Anapha Nkwazi?

Pa mbendera ya Zambia pali mbalame imodzi yotambasula mapiko, ndiyo nkwazi. Dzina la mbalame yomweyo linapatsidwa kwa ndeke yaikulu ya mtundu wa DC-10 imene kampani ya Boma, Zambia Airways, inagula m'caka ca 1984. Patangopita zaka khumi, m'mwezi wa Disembala 1994, kampaniyo inatsekedwa. Ndeke zace zinaima, maofesi ace anakhomedwa, ndipo anchito ace anabwerera kwao cimanjamanja.

Pamudzi munthu wochuka sangofa cabe, payenera kupezeka mfiti. Coteronso pa maliro a Nkwazi olira agawika pawiri. Ena aloza cala Boma la Frederick Chiluba pamodzi ndi akulu a IMF ndi World Bank, nati iwo ndiwo anapha cinthu camoyo cimene Kenneth Kaunda anasiyira mtundu. Ena, makamaka ophunzira za cuma, ati kampaniyo inabadwa ndi imfa yace m'mimba, pakuti Boma siliyenera kucita malonda, ndipo ikadakhala m'manja mwa eni ndarama bwenzi iri kuuluka kufikira lero. Magulu onse awiri atola kanthu koona, koma onse awiri athawa mlandu weniweni. Nkwazi inadwala zaka pafupifupi makumi awiri isanafe, ndipo nthenda yace ndi mau anai amene amvekabe m'maofesi, m'zipatala ndi m'masukulu: ca Boma cilibe mwini.

Poweruza mlandu wotere ndi bwino kuyambira pa kubadwa kwa womwalirayo. M'caka ca 1946 maiko atatu, Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, anali ndi kampani imodzi ya ndeke yochedwa Central African Airways. Likulu lace, nyumba zokonzeramo ndeke ndi nchito zonse zaulemu zinali ku Salisbury, kumene lero kuchedwa Harare. Citaganya citatha, kampaniyo inabala ana atatu mu 1964: Zambia Airways, Air Malawi ndi Air Rhodesia, koma onse atatu anali kudyabe m'mbale ya mai wao. Tsono pa 11 Novembala 1965 Ian Smith anapandukira Britain, ndipo Zambia, dziko lopanda nyanja yamcere, linaona kuti njanji yace, malasha ace ndi mafuta ace zonse ziri m'manja mwa mdani. Petulo anasowa, nayamba kugulitsidwa moyeza. Kwa miyezi ingapo mafuta anali kubwera ndi ndeke za Britain, Canada ndi America, kwinaku malole ali kugubuduzika pa mseu woipa wa ku Dar es Salaam.

Munthu amene anaona masiku amenewo sangadzudzule Boma cifukwa cofuna mapiko ace-ace. Mu 1967 Zambia Airways inaima payokha ngati kampani ya Boma, akatswiri a kampani ya ku Italy, Alitalia, atalembedwa kuti aiyendetse ndi kuphunzitsa eni dziko. Caka comweco bwalo latsopano la ndeke linatsegulidwa ku Lusaka. Inali nyengo imene Boma linali kutenga zinthu zazikulu m'manja mwa alendo: makampani amalonda ku Mulungushi mu 1968, migodi ya mkuwa ku Matero mu 1969. Ndipo zabwino zimene kampaniyo inacita siziyenera kuiwalika. Ndeke zace zazing'ono zinali kutera ku Chipata, Mfuwe, Kasama, Mansa ndi Mongu, kunyamula madotolo, makalata ndi alendo odzaona nyama, m'masiku amene ulendo wa pamseu m'dzinja unali wa masiku. Anyamata amene makolo ao atsamunda anawakaniza ngakhale kuyendetsa sitima ya pamtunda anaphunzira kuyendetsa ndeke ndi kumasula injini zace. Amene ati kampaniyo inali yopanda pace ciyambire sadziwa kumene dziko linacokera.

Koma walira mvula walira matope. Malonda a ndeke ali ndi khalidwe lace limene silisintha cifukwa ca mbendera yojambulidwa pa mcira. Cimanga cikapanda kugulidwa lero cikhala m'nkhokwe kudikira mawa. Mpando wa m'ndeke ukauluka wopanda munthu, ndarama yace yatayika, siidzabweranso. Ndeke yoima pabwalo idya ndarama monga ng'ombe yosalima idya msipu, pakuti ngongole yace, inshuwalansi yace ndi malipiro a anchito siziima. Coopsa kopambana ndi ici: wapaulendo wa ku Lusaka alipira tikiti m'makwaca, koma ndeke yeniyeniyo, zitsulo zosinthira, msonkho wa kutera ku London ndi mafuta omwera kunja zonse zifuna madola. Ngakhale mafuta omwera kwao anali odula, popeza anali kucokera ku Dar es Salaam m'mpope wa TAZAMA, mtunda wa makilomita 1,710, kukayengedwa ku Indeni, ku Ndola. Motero moyo wa kampaniyo unali womangidwa ku mtengo wa mkuwa, umene unali kubweretsa madola m'dziko.

Mu 1973 mtengo wa mafuta unakwera pa dziko lonse lapansi, ndipo mu 1975 mtengo wa mkuwa unagwa. Mwini banja wanzeru akaona kuti mvula yakana, acepetsa mowa wa masewera nasunga mbeu. Akulu a dziko anacita zosiyana. Ndeke za Boeing 707 zinafika, Aer Lingus ya ku Ireland inalowa m'malo mwa Alitalia, ndipo maina a mizinda yakutali anacuruka pa zikwangwani: London, Rome, Frankfurt, Bombay. Mu 1984, dziko liri kumira m'ngongole, sopo ndi mafuta ophikira ziri kusowa m'masitolo, Nkwazi inatera ku Lusaka. Inali yokongola ndithu, ndipo anthu anainyadira. Koma cikomekome ca nkuyu m'kati muli nyerere. M'mwezi wa Okotobala 1985 Boma linayamba kugulitsa madola pa msika wopikisana, ndipo dola imene inali kugulidwa ndi makwaca awiri ndi kanthu inafika pa K5 sabata loyamba, ndi pa K21 mu Epulo 1987. Ngongole iriyonse ya m'madola inatupa kakhumi pamene kampani siinaonjeze ngakhale mpando umodzi. Pofika 1994 dola inali itapitirira K600.

Mu Disembala 1986 anthu anafa ku migodi pocita cipolowe cifukwa ca mtengo wa ufa. Pasanathe zaka ziwiri, mu 1988, Nkwazi inayamba ulendo wa ku New York kudzera ku Monrovia. Oteteza ulendowo ali ndi cifukwa cimene anganene: kuyambira 1986 America inaletsa ndeke za South Africa kutera m'dziko lace cifukwa ca tsankho, ndipo apaulendo a kumwera anali kufuna njira ina. Cifukwaco ncoona, koma fodya wa pacala ngwa mphepo. Malonda omangidwa pa tsoka la mnansi atha tsiku limene mnansiyo acira. Mu 1991 ciletsoco cinacotsedwa, Johannesburg inatsegukanso, ndipo apaulendowo anabwerera kwao. Pamwamba pa izi mafuta anali atakweranso mu 1990 cifukwa ca nkhondo ya ku Kuwait. Ngakhale zinali conco, kampani inali itaitanitsa ndeke ina yatsopano, MD-11, imene siinafike konse.

Zonsezi zinali mphepo yocokera kunja, ndipo mphepo siigwetsa nyumba imene mizati yace iri yolimba. Ciswe cinali m'kati. Zambia Airways, monga makampani ena ambiri a Boma, inaikidwa pansi pa bungwe la ZIMCO, limene wapampando wace anali Mtsogoleri wa dziko mwini. Akulu a makampani otere anali kuikidwa, kusamutsidwa ndi kucotsedwa ndi mau a ku State House. Mkulu wotere adziwa bwino amene ayenera kumkondweretsa. Wapaulendo wodandaula sangamcotse nchito, koma nduna yokwiya ikhoza. Adzakana bwanji mwana wa mlongo wa munthu wamkulu wofuna nchito? Adzatumiza bwanji kalata yaukali kwa Unduna umene wacedwa kulipira matikiti? Adzanena ciani pamene ndeke yaikulu, imene kampani inagula imodzi yokha, ifunika pa ulendo wa akulu a Boma? Pofika ciyambi ca zaka za m'ma 1990 kampaniyo inali ndi anchito oposa 2,000 pamene ndeke zace zinali zosakwana khumi, ndiye kuti ndeke iriyonse inali kusenza malipiro a anthu mazana isananyamule wapaulendo ndi mmodzi yemwe.

Nanga mwini wa zonsezi anali yani? Mwini anali mlimi wa ku Katete amene analipira msonkho pa njinga ndi pa mcere, mai wa ku Chadiza amene anapeza cipatala cilibe mankhwala, mwana wa sukulu wa ku Lundazi wokhala pa njerwa. Anthu amenewa sanakwerepo Nkwazi. Anaiona cabe pa cithunzi ca pa kalendala. Koma dzenje liri lonse limene kampani inakumba linakwiriridwa ndi ndarama za m'thumba la Boma, ndilo thumba lao. Osauka anali kulipirira olemera ulendo wa ku London. Amene alira Nkwazi ndi misozi yambiri afunsidwe ngati analirapo mlimi ameneyu.

Tsono mlandu ufika pa Boma limene linalowa mu 1991. Chiluba ndi MMD anapeza mosungira cuma muli mbee, ndipo mu 1992 anapanga lamulo logulitsa makampani a Boma, nakhazikitsa Zambia Privatisation Agency. Zambia Airways inauzidwa kuti idzidyetse yokha. Koma kuuza wodwala kuti adzuke sindiko kumciza. Zaka zitatu zinapita popanda mpeni wakuthwa wodula maulendo otaya ndarama ndi kupatula ngongole zakale, kuti kampani yotsalayo, yaing'ono ndi yoyera, ikhumbidwe ndi wogula. Zengerezu analinda kwaukwau. Pamene maiko ndi mabungwe okongoza Zambia ndarama anakana kuti thandizo lao likatsekere maenje a kampani ya ndeke, panalibenso cogulitsa, ndipo inangotsekedwa. Kampani ya mabasi ya UBZ inatsata njira yomweyo. Cuma cacikulu cimene cinatayika sicinali zitsulo, koma anthu: oyendetsa ndeke ndi amisiri amene dziko linawaphunzitsa ndi ndarama za mkuwa kwa zaka 27 anamwazikana, ambiri nakalemeretsa makampani a maiko ena. Apa gulu loyamba lija linena zoona, kuti maliro anayendetsedwa mwankhanza. Koma woika maliro moipa sali wakupha.

Kuti panali njira ina cioneka poyang'ana ku Kenya. Kenya Airways inabadwa mu 1977 East African Airways itagwa, ndipo inadwala nthenda yomweyo ya ngongole ndi manja a andale. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990 Boma la Kenya linaika akulu atsopano, linacepetsa anchito, linasenza ngongole zakale, ndipo kampani itayamba kupindula, linagulitsa magawo 26 pa 100 kwa KLM ya ku Holland ndi magawo ena kwa anthu wamba pa msika wa ku Nairobi mu 1996. Mwini mbuzi anainenepetsa asanapite nayo kumsika. Zimene Nairobi inacita m'zaka zomwezo Lusaka ikadakhoza kuyesa.

Pamenepa gulu laciwiri liomba m'manja, liti taonani, mankhwala ndiwo kugulitsa. Koma lisafulumire. Kenya Airways yomweyo, iri m'manja mwa eni magawo, inagwidwa ndi njala ya ndeke zazikulu, niyamba kutaya ndarama zoopsa kuyambira 2013, ndipo inathawira kwa yani? Kwa Boma, ku thumba la okhoma msonkho. Ku Zambia nako eni ndarama anapatsidwa bwalo lonse Nkwazi itafa. Aero Zambia inauluka zaka zowerengeka niitha. Zambian Airways inaima mu Januwale 2009 iri ndi ngongole. Zambezi Airlines siinakhalitse. Kuyambira 2009 kufikira 2016 ndeke za makampani a ku Zambia zinali zoletsedwa kutera m'maiko a European Union, cifukwa kayang'aniridwe ka ndeke m'dziko kanali kopereweza. Mu 2013 British Airways inaona kuti ulendo wa ku Lusaka sulipira, niusiya osatsazika kawiri, ndipo wopita ku London anayamba kuzungulira ku Addis Ababa, Nairobi, Dubai kapena Johannesburg. Mwini ndarama apita kumene kuli phindu, ndipo palibe womdzudzula. Koma sadzatera ku boma lakutali cifukwa ca cifundo. Mwa makampani a eni ndarama, imene inapirira ndi Proflight, yoyamba mu 1991, ndipo inapirira cifukwa inayamba ndi ndeke zazing'ono ndi maulendo afupi.

Umboni umene utseka pakamwa magulu onse awiri uli ku Ethiopia. Ethiopian Airlines inayamba kuuluka mu 1946 mothandizidwa ndi kampani ya ku America, TWA, monga Zambia Airways inathandizidwa ndi Alitalia. Ndi ya Boma yonse, ciyambire. Dziko lace linaona njala, nkhondo ndi ulamuliro wa asilikali woposa ciri conse cimene Zambia inaona. Komabe inakula kufikira kukhala kampani ya ndeke yaikulu kopambana mu Africa. Cinsinsi cace sicobisika. Mu 1980, m'masiku a Mengistu, Captain Mohammed Ahmed anapatsidwa kampaniyo, nacepetsa anchito, naumirira kuti iyendetsedwe mwa malonda. Ndipo ngakhale Boma linali bwenzi la Soviet Union, kampani inapitiriza kugula ndeke za Boeing zimene amisiri ace anazidziwa. Inamanga sukulu zace za oyendetsa ndeke ndi amisiri, niisandutsa Addis Ababa mphambano posonkhanitsa apaulendo a maiko ambiri a Africa. Boma linali mwini, koma mwini wodziwa kuti ng'ombe ya pagoli siidyedwa mwendo umodzi-umodzi iri kulima. Cotero funso lakuti mwini akhale Boma kapena munthu wamba ndi funso laling'ono. Funso lalikulu ndi lakuti mwiniyo ali ndi mwambo kodi, ndipo alipo wotha kumuuza kuti iai.

Nkhani iyi ikadakhala ya kumanda cabe, ikadasiyidwa kwa okamba mbiri. Koma dzina lija linauka. Mu 2018 bungwe la Boma la Industrial Development Corporation linapangana ndi Ethiopian Airlines kuyambitsanso Zambia Airways, Zambia itatenga magawo 55 pa 100 ndi Ethiopia 45, ndipo ndeke yoyamba inauluka pa 1 Disembala 2021. Panali patangopita caka cimodzi kucokera pamene Zambia inalephera kulipira ngongole yace ya kunja mu Novembala 2020. Air Malawi, mbale wace wa bere limodzi, inayenda njira yofanana: inatsekedwa mu 2013, ndipo m'malo mwace munabadwa kampani ina imene Ethiopian Airlines inatengamo magawo 49 pa 100. Ana a Central African Airways akaphunzira kwa mnzao amene anayamba kuuluka caka cimodzi ndi mai wao. Palibe manyazi pa kuphunzira. Manyazi adzakhalapo ngati wophunzira atenga ndeke ndi yunifomu nasiya mwambo.

Cifukwa cace eni kampani, ndiwo okhoma msonkho, ayenera kuumirira zinthu zisanu. Coyamba, mabuku a ndarama za kampani aikidwe poyera caka ndi caka, ndi kuwerengedwa m'Nyumba ya Malamulo, kuti dzenje lioneke likali laling'ono. Caciwiri, ali yense wokwera alipire, nduna pamodzi ndi mlembi wace, ndipo Unduna wokhala ndi ngongole usapatsidwe tikiti ina. Cacitatu, akulu a kampani asankhidwe cifukwa ca luso, ndipo asacotsedwe cifukwa cipani cina calowa m'Boma. Cacinai, ngati dziko lifuna kuti ndeke itere ku malo kumene sikulipira, monga ku maboma akutali, mtengo wace ulembedwe poyera m'ndondomeko ya cuma ca Boma, anthu adziwe cimene agula. Usabisidwe m'mabuku a kampani. Cacisanu, ndeke yaikulu ya maulendo a kutsidya kwa nyanja isagulidwe kufikira apaulendo ataoneka ndi maso, pakuti ulemu wa dziko suyezedwa ndi kukula kwa ndeke imene yaima pa bwalo la ku London.

Padzakhala ena onena kuti izi ndi nkhani za akulu, ndipo mnyamata kapena mtsikana wotsiriza sukulu alibe nazo kanthu. Aiwala kuti anchito 2,000 aja anali ana a sukulu tsiku lina. Kalaliki amene anapereka tikiti yaulere kwa mlamu wace, wosunga katundu amene anaturutsa citsulo pa cipata, mkulu amene anasaina cimene anadziwa kuti ncoipa poopa kutaya galimoto ya nchito, ali yense wa iwo anati kanga nkacabe, Boma silisauka. Onse pamodzi anazula nthenga za Nkwazi imodzi-imodzi, ndipo tsiku limene inagwa, woyamba kugona ndi njala anali iwo eni ndi ana ao. Otsiriza sukulu caka cino adzalowa m'maofesi a magetsi, a njanji, a madzi, a mankhwala ndi a ndeke, ndipo kumeneko adzapeza wina wacikulire wowanong'oneza kuti ca Boma cilibe mwini. Ayenera kumyankha kuti mwini alipo, ali kumudzi, ali kulima, ndipo ndiye atate wao.